Chitsulo cha Mphepo pa Denga la Amayi

Mlongo wanga ndi munthu wotchuka. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti ndinazibisa chifukwa cha nsanje. Ndi pulofesa wa sayansi ya nyengo, wofufuza za mitambo, mphepo ndi kutentha kwa dziko, ndipo mapepala amene walemba akuti amawerengedwa m'mayunivesite a mayiko amene ine ndimangowamvera pa wailesi. Mwana wanga wamkazi anandionetsapo pa foni. Pali chithunzi chake atamanga tayi, m'munsi mwake mndandanda wa mapepalawo, ndiye pambali pali nambala yosonyeza kuti ophunzira anzake amutchula kangati m'zolemba zawo. Akuti nambalayo ikamakwera, ulemu wa munthu umakweranso. Uyu atchula uyo, uyo atchula uyu, ngati chipereganyu cha azimayi a kumsika. Ine nambalayo sindinaisunge m'mutu. Kutchalitchi kwathu ku Sakubva, kuno ku Mutare, amangoti a Pulofesa, ndipo akalowa, akulu a mpingo amamusunthira pa mpando wakutsogolo. Ine ndinamuchapira matewera, choncho mundikhululukire ndikamangoti iye.

Bambo athu anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kugwira ntchito ku njanji mpaka msana unapindika. Atapuma anagula malo ku Hobhouse n'kumanga zipinda zinayi, koma anatisiya asanapake pulasitala kunja. M'nyumbamo tinatsalamo amayi, ine amene ukwati unali utandikanika, ndi ana anga awiri. Chipinda cha kuseri tinaikamo maroja, anthu a lendi, ndipo pageti ndinakhoma katakishopu ka buledi, machesi ndi sopo wodula mapisi. Mlongo wangayo mutu anali nawo, zimenezo sindingamulande. Sukulu inamunyamula kuchoka ku Sakubva kupita ku Harare, kuchoka ku Harare kuwoloka nyanja. Amayi akamamutchula, mawu awo ankasintha.

Chitsulo cha padenga pathu chinabwera m'zaka zimene mafamu ankalandidwa. Kukhitchini kwathu kunkagona azakhali ndi ana awo, amene anathamangitsidwa ku komboni ya famu ina ya ku Odzi atangonyamula mabulangete ndi mapoto. Mlongo wanga anafika pa galimoto yobwereka, anawapatsa moni wa pakhomo, n'kukhala pansi kuyamba kudandaula. Ine ndinkayesa akudandaula za azakhaliwo. Ayi ndithu, ankalira zitini zoyezera mvula. Akuti m'mafamumo munali zitini zimene zinkayezedwa m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo tsopano zina zabedwa, zina akumwetsera nkhuku, moti kafukufuku wake waima. Azakhali anangomuyang'ana, n'kupitiriza kusenda mbatata.

"Ndikufuna malo oti palibe amene angawalande," anatero. "Amayi, ndibwerekeni denga."

Amayi akanamupatsa ndi makoma omwe. Iye anaboola malata n'kuimika chitsulo chachitali, chokokedwa ndi mawaya mbali zonse. Pamwamba pake panali timakapu titatu tozungulira ndi mphepo, kamuvi kolozera kumene mphepoyo ikuchokera, chitini cha mvula ndi kagalasi koyang'ana dzuwa. Chingwe chakuda chinatsika kudzera pa bowo mpaka m'chipinda cha amayi, kulowa m'kabokosi kotuwa kamene anakalumikiza ku soketi ya kumutu kwa bedi. Anatifotokozera kuti nyumba yathu inakhala pabwino, poti guti, nkhungu yonyowa ija imene imakwera mapiri kuchokera ku Mozambique, imadutsa pomwepo. Ine ndinati ubwino wake ndi woti zochapa siziuma. Sanaseke.

"Chachikulu n'choti makinawa asaime," anatero akutsika pa makwerero. "Aliyense akhoza kuyeza mphepo tsiku limodzi. Chofunika ndi mzere wautali wa manambala, wosaduka, chaka ndi chaka. Ukamadukaduka, anzanga sangaukhulupirire."

Mvula itabwera, bowo lija linayamba kudontha pa bedi penipeni. Amayi anasuntha bedi n'kutchera beseni.

Zaka zoyambazo sindinkadana nacho kwenikweni chitsulocho. Kabokosiko kankasunga manambala m'mimba mwake, ndipo kuti awatenge ankayenera kubwera yekha ndi kompyuta yake, kamodzi pa miyezi ingapo. Amayi ankakonzekeratu. Ankakolopa, kupha nkhuku ngakhale m'zaka zija za mashelefu opanda kanthu, n'kusinja nsinjiro zotendera nkhwani poti ankaukonda ali mwana. Iye ankakhala pa bedi lawo, kompyuta pamiyendo, maso pa manambala, iwo ali pa mphasa akumuuza za amene wamwalira, amene wabereka, amene wathawira ku Joni. Ankangoti "eya, eya" osadzutsa mutu. Kwa amayi zinali zokwanira. Anafika poluka kansalu koyera n'kuyala pa kabokosiko kuti kasade ndi fumbi, iye n'kuwakalipira kuti akatenthetsa. Anakachotsa, koma iye akangochoka ankakabwezera.

Kenako kunabwera chaka cha chilala. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri a Vumba, kuda bii, anthu n'kuthamangira kukaanula zovala, koma pofika ku Hobhouse inkabalalika. Chimanga cha m'mbali mwa misewu chinapiringizika masamba chikadali m'mawondo. Pa mzere wonse wa nyumba zathu, chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkaoneka chosangalala: timakapu tija, tikuzungulira usana wonse pamwamba pa nyumba ya Amalawi.

Muyenera kudziwa mmene anthu ena kuno amationera. Tinabadwira konkuno, Chishona timalankhula mpaka kulota nacho, koma zinthu zikavuta amakumbukira kuti ndife mabwidi, dzina lonyozera ife Amalawi, anthu a gule ndi mankhwala. Banja lathu ndi la tchalitchi, bambo anali mtsogoleri wa kwaya, koma zimenezo sizinatithandize. Tsiku lina ndili pa mzere wa madzi ku mjigo, mayi wina woyandikana nafe, amene mwana wake ndinamuperekezapo kuchipatala, analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mabwidi aya ndiwo akasunga mvura. Hamuoni chinhu chavo chiri kudzinga makore?"

Ankanena kuti ife ndi amene tamanga mvula, ndipo chinthu chathucho chikuthamangitsa mitambo. Ena anaseka, koma si onse. Kuyambira pamenepo buledi wanga ankauma pa shelefu, anthu akudutsa kukagula ku takishopu ya kumapeto kwa msewu. Roja wathu ananyamula katundu wake osatsazika bwino. Ana anga kusukulu ankawafunsa kuti agogo awo amauluka nthawi yanji. Miyala inkagwa pa malata dzuwa likuswa mtengo, amayi ali m'nyumba kuwerenga Baibulo lawo.

Ndinamuimbira foni mlongo wanga. Ndinamuuza kuti abwere adzachotse chitsulo chake anthu asanatiotchere nyumba.

"Asisi, chaka chino n'chimene sindingachotse," anatero mofatsa, ngati akuphunzitsa kalasi. "Chilala chotere sichibwera kawirikawiri. Manambala a chaka chino ndi ofunika kuposa onse. Anthuwo muwafotokozere kuti makina sangaletse mvula."

"Bwera udzawafotokozere wekha pa mjigo."

"Ndili ndi ophunzira oti ndiwayang'anire. Zidutsa zimenezo."

Ndinapita kukatenga makwerero. Amayi anandipeza ndikuwatsamiritsa ku khoma, ndipo anawagwira ndi manja onse awiri.

"Chisiye," anatero. "Chikachoka chitsulochi, mlongo wako adzabwerera chiyani kuno?"

Ndinkayesa ndine ndekha amene ndinaona kuti mwana wawo amabwerera kabokosi, osadziwa kuti eniake anaona kalekale n'kuvomereza. Ndinabweza makwerero kuseri, mtima ukundiwawa kuposa pa mjigo paja. Mvula itabwerera chaka chotsatira, palibe amene anabwera kudzapepesa, anangoyambiranso kugula machesi.

Pepala limene analemba za chilala chimenecho ndi limene linamutsegulira zitseko, ndipo mwana wanga akuti mpaka lero ndi limene anzake amalitchula kwambiri. Litatchuka, anabweretsa alendo, anzake a ku yunivesite, ena azungu. Amayi anatulutsa makapu abwino amene sitinawagwirepo chimwalirireni bambo. Alendowo anaima pabwalo makosi ali m'mwamba, akujambula chitsulo n'kumagwedeza mitu. Mmodzi anati anawerenga za malo ano kambirimbiri, moti sakukhulupirira kuti waimapo ndi mapazi ake. Ine Chingelezi ndimamva, ngakhale mlongo wanga amaiwala zimenezo. Mlendo wina, mayi wa imvi, anafunsa ngati makinawo sanativutitsepo. Amayi anayankha m'Chinyanja nthawi yaitali, za miyala ya padenga, za roja wothawa, za zidzukulu zonyozedwa kusukulu, osati modandaula koma monyadira kuti anapirira chifukwa cha mwana wawo. Iye anamasulira kuti amayi akuti ndi okondwa kuthandiza sayansi. Ndinatsegula pakamwa, amayi n'kundiponda phazi. Tiyi anazizira m'makapu, alendo akuthamangira ku Vumba kukaona mitambo.

Amati sayansi imapita patsogolo. Kwathu inkapita motere: tsiku lina anabwera n'kulowetsa kakhadi ka foni m'kabokosi kaja, kuti manambala aziyenda okha mpaka pa tebulo lake kutsidya la nyanja. Anali wokondwa kwambiri. Anati tsopano satizunzanso ndi maulendo. Amayi anamwetulira n'kunena kuti zikomo, nkhuku ili pa moto. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kubwera. Anagula nyumba ku Greenside, konkuno ku Mutare, n'kuikamo maroja, ndipo tinkangomva kwa anthu kuti a Pulofesa anaoneka m'tauni sabata yatha kudzaona mpanda wawo.

Koma panatsala kampata. Magetsi kuno amapita ngati ali ndi kwawo kwina. Kabokosiko kanali ndi batire laling'ono lotha kupirira mpaka tsiku lotsatira, likatha makina ankaima, ndipo foni inkalira. "Magetsi alipo kumeneko?" Ameneyo ndiye anali moni wake.

Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma kuona ankaona. Loweruka lina m'mawa ndikusesa m'chipinda mwawo ndinapeza pulagi ili pansi. Ndinaibwezera. Masana ndinaipezanso pansi, amayi ali phee pa bedi akuyang'ana khoma.

"Amayi, ndinu mukuzula pulagiyi?"

"Yangogwa."

"Pulagi imagwa yokha?"

"Usaigwire. Mawa ndi Lamlungu, sapita kuntchito."

Lamlungu titachoka kutchalitchi sanavule zovala zawo za mapemphero. Anakhala pa mpando wa pakhonde, duku lili bwinobwino, foni pamiyendo. Italira anaisiya ilire pang'ono kuti asaoneke ngati amaidikira.

"Magetsi alipo, amayi?"

"Kaya, bambo, ndikaone. Koma mwadya? Kukuzizira kumeneko? Apongozi anga ali bwanji, nanga ana? Chinyanja akumva pang'ono?"

Ankayenda pang'onopang'ono kupita kuchipinda, mafunso akutuluka njira yonse, iye akuyankha mwachidule, ine ndikumva mawu ake akuuma pa sipika. Akafika ankalowetsa pulagi n'kunena kuti, "Abwera tsopano, bambo." Foni inkaduka pasanapite nthawi. Iwo ankakhala osangalala mpaka Lachinayi, kukauza azimayi anzawo ku mapemphero kuti mwana wawo waimba. Sankachita sabata iliyonse, ankaopa kumutopetsa. Ndinkachita manyazi, ndinkapsa mtima, ndipo nthawi zina ndinkapita kuseri kukaseka ndekha. Mayi anabereka mwana, anamuyamwitsa, anagulitsa mandasi pa siteshoni kuti apeze yunifolomu, lero akuchita kuba mawu a mwana wake yemweyo. Pulagiyo sindinaigwirenso.

Munthu wa manambala sungamubisire nthawi yaitali. Tsiku lina anaimbira ine, osati amayi.

"Asisi, ndayang'ana mipata yonse ya mzere wanga. Yambiri ikugwa Lamlungu. Magetsi sadziwa kalendala. Ana anu akumazula pulagi n'kutchajira mafoni awo, eti?"

"Ana anga uwasiye."

"Ndiye ndani?"

"Ndi mayi ako. Amafuna kumva mawu ako, ndipo njira ina sakuidziwa."

Ndinaima m'takishopu foni ili kukhutu, ndipo, kunena zoona, ndinayembekezera. Ndinkati mwina alira, mwina ati mawa ndikukwera ndege. Ndi mwana yemwe uja amene ankakana kugona amayi asanamufunditse.

"Akuwononga chinthu chimene sakuchimvetsa," anatero pomaliza. "Pali ophunzira anga amene madigiri awo akudalira mzere umenewu. Chabwino, ndiziwaimbira Lamlungu. Muwauze asiye."

Anaimbadi masabata angapo, kenako misonkhano inachuluka. Amayi anabwerera ku pulagi yawo. Ndiye mlongo wanga anabwera yekha, patatha zaka osaponda pakhomo. Amayi anavina pageti anthu akuona. Iye anawakumbatira ndi dzanja limodzi, linalo litagwira galasi la sola. Tsiku lonse anali padenga. Anamangirira solayo, anachotsa kabokosi kuchipinda kwa amayi n'kukakweza pamwamba, m'bokosi lachitsulo limene analitseka ndi loko. Bowo la pa malata analimata bwinobwino ndi phula, ndipo chipindacho chinasiya kudontha.

"Tsopano simuzivutikanso, amayi. Magetsi apite, abwere, zilibe kanthu."

"Zikomo, bambo," anatero amayi.

Sanakhale kuti adye, akuti ndege inali m'mawa ku Harare. Amayi anamuikira nkhuku m'kontena. Galimoto itapita analowa kuchipinda, anatola kansalu koluka kaja pansi, anakakung'untha n'kukayala pa kasitulu pamene pankakhala kabokosi. Chimene sindidzamukhululukira n'chakuti anamvetsa. Akanakhala kuti sanadziwe, ndikanati ndi umbuli wa anthu ophunzira. Koma ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti mayi ake akumusowa, iye n'kupita kukaganiza mozama monga katswiri, n'kubwera ndi loko.

Kuyambira pamenepo mzere wake sunadukenso, ndipo dzina lake linakula. Chaka cha chimphepo chija chimene chinakokolola anthu kumapiri a Chimanimani, tinamumva pa wailesi akufotokoza kuti osauka ndi okalamba ndi amene amavutika kwambiri nyengo ikamasintha, ndipo dziko lisawaiwale. Analankhula bwino zedi. Amayi anaitana maroja kuti adzamve, n'kukweza wailesi mpaka kumapeto. Mwana wanga anandimasulirapo mawu othokoza a kumapeto kwa pepala lake lina. Anathokoza amene anamuthandiza ndi zipangizo, anathokoza anzake mayina awo onse, n'kumaliza ndi banja lina la ku Mutare limene linasunga makina. Za mipata ya zaka zija analemba kuti inabwera chifukwa cha vuto la magetsi.

Amayi anayamba kutupa miyendo, kenako kubanika akagona. Kuchipatala anatiuza kuti mtima watopa, tibwerere nawo kunyumba. Mankhwala ankalipira ndi iyeyo, zimenezo sindinganame. Koma amayi sankafunsa za mankhwala. M'mawa uliwonse ndikamawasambitsa ankati, "Waimba?" Ndikamuimbira, foni inkangolira. Ndinalemba uthenga woti amayi akutha. Timizere tosonyeza kuti wawerenga tinaoneka, yankho n'kubwera mawa lake: ali pa msonkhano waukulu, aimba akapeza mpata.

M'mawa wina amayi analephera kumeza phala. Ndinatsegula bokosi la zipangizo za bambo n'kutenga sizasi yawo yodulira malata. Ndinamanga chitenje mwamphamvu, ndinatsamiritsa makwerero, n'kukwera, ine mayi wa zidzukulu, mawondo akulira. Anthu a mumsewu anaima kuonerera. Loko sindinalimbane naye. Ndinadula mawaya onse amene ndinawaona akulowa m'bokosimo, osasiyako, timakapu tikuzungulira mwaulesi pamutu panga.

Dzuwa lisanapendeke foni inalira.

"Asisi, makina azima onse nthawi imodzi. Kwachitika chiyani?"

"Lankhula ndi mayi ako."

Ndinawaikira foni kukhutu. Nkhope yawo inawala, ndipo pa nthawi imeneyo ndinadana naye kuposa kale lonse, poona mmene zinalili zosavuta kuwasangalatsa.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, akupuma pakati. "Ndi mphepo. Kunali mphepo yambiri, yadula mawaya anu. Mubwera kudzakonza?"

Pa dziko lonse panalibe munthu wodziwa bwino kuposa iyeyo kuti tsiku limenelo ku Hobhouse kunalibe mphepo yodula mawaya. Manambala anali patsogolo pake.

"Musadandaule, amayi. Nditumiza munthu. Inu muzingomwa mankhwala."

Amayi anamva zimene ankafuna kumva. Anandiuza kuti akubwera, ndichape makatani. Patapita masiku pang'ono galimoto inaima pageti. Amayi anandikodola kuti ndiwamange duku ndi kuwakhazika tsonga ndi mapilo. Analowa bambo wina wachilendo wovala ovololo, waulemu wake, chipewa chili m'manja.

"Maswera sei, gogo? Ndatumwa kuzogadzira muchina. Ndingakumbirewo manera?"

Anali atatumidwa kudzakonza makina, ndipo ankapempha makwerero. Amayi anamuyang'ana, n'kuyang'ananso kukhomo kumbuyo kwake ngati kukubwera wina. Ndinamutulutsa munthuyo n'kumuuza kuti pa nyumba pano palibe makwerero, akauze amene wamutuma kuti njira ya kuno akuidziwa. Nditabwerera, amayi anali atavula okha duku lija.

"Usadzachichotse," anatero, maso ali kudenga. "Wamva? Ngakhale ine nditapita. Adzasowa chobwerera."

Anamwalira sabata yomweyo, m'mawa, ndikuwatenthetsera madzi.

Pa maliro mlongo wanga anafika, ndege zinapezeka. Analira, ndipo ndikhulupirira kuti misozi yake inali yeniyeni, zimene zinangondiwonjezera mkwiyo. Nkhuni zinali zosowa, azibambo a pa moto wa panja akudandaula kuzizira, ndiye ndinawalozera makwerero aja kuti awawaze. Kumanda mkulu wa mpingo anatha nthawi yaitali akutchula za a Pulofesa, mayiko amene ayenda ndi ulemu umene abweretsera Amalawi a ku Mutare, moti munthu wachilendo akanafunsa kuti tikuika ndani.

Titabwerera kunyumba, anthu akusamba m'manja pageti, anandikokera pambali. Ndinkayesa akufuna kufunsa mawu omaliza a amayi, ndipo ndinali nditakonzeka kumuuza.

"Asisi, makwerero ali kuti? Mpata wakula kwambiri. Ndingolumikiza, sizitenga nthawi."

"Tinawaza. Anthu aotha."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kutuluka pageti. Anabwera ndi makwerero a mayi uja wa pa mjigo, mwiniwake akumuthandiza kunyamula, akumwetulira kuti a Pulofesa abwereka chinthu chake. Anavula jekete, anapinda manja a malaya, n'kukwera. M'nyumba azimayi anali akadali pansi akuimba nyimbo yotsiriza, ndipo nyimboyo inazilala pang'onopang'ono, onse akumvetsera mapazi akuyenda pa malata pamwamba pa chipinda cha amayi. Azakhali aja a ku Odzi, okalamba tsopano, anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Mawu omalizawo sanafunse, ndipo sindinamuuze.

Chitsulocho chikadalipo. Amayi anandilamula, ndipo ine mawu awo ndimasunga. Timakapu tayamba kulira ngati chitseko chosowa mafuta, ndimatimva ndikamasesa pabwalo m'mawa. Mwana wanga akuti ophunzira a mayiko ena akulembera madigiri pa mzere wa ku Hobhouse, ndipo nambala ija ikukwerabe. Chiikireni maliro, mlongo wanga sanaimbepo. Sizasi ya bambo ndinaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo makwerero akupezeka kwa aneba. Tsiku limene ndidzafune kumva mawu ake, ndikudziwa chochita. Mpaka lero sindinafunebe.